Nyimbo Timamverazi Ndi Za Yani? Mbiri ya MP3, Napster, iTunes ndi Spotify

Sabata ino tiyang'ana m'mbuyo pa nkhani ya chinthu chimene ambiri mwa ife timachigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku popanda kufunsa kumene chinachokera. Tikunena za nyimbo za pa foni. Munthu amangokhudza galasi la foni ndi chala, nyimbo n'kuyamba kulira, kaya inajambulidwa ku Lagos, ku Kingston kapena ku Nashville. Zimenezi zikuoneka ngati zinali chomwechi kuyambira kale, komatu zaka makumi atatu zapitazo kunalibe. Kuti zifike pamenepa panadutsa milandu ya m'makhoti, kugwa kwa makampani akuluakulu ndiponso mikangano yowawa pakati pa oyimba ndi omvera awo. M'mbiri yonseyi muli mafunso awiri amene akhala akubwerabwera: kodi nyimbo imene tikumverayo ndi ya yani, nanga amene anayipeka ndi kuyiyimba amalandirapo chiyani? Tiona kuti luso la makina linathetsa vuto lopeza nyimbo, koma mafunso awiriwa linangowasuntha malo.

Pamene nyimbo inali katundu wogwirika

M'chaka cha 1877 Thomas Edison wa ku America anapanga makina oyamba otha kujambula mawu ndi kuwabwereza. Patapita zaka khumi, Emile Berliner anabwera ndi galamafoni yogwiritsa ntchito mbale zafulati. Kuyambira pamenepo, kwa zaka zoposa zana limodzi, nyimbo yojambulidwa inkakhala m'chinthu chogwirika ndi manja. Munthu ankagula mbale, n'kupita nayo kunyumba, ndipo inali yake. Ankatha kuyibwereketsa, kuyigulitsa kapena kuyisiyira ana ake.

Kampani ya Philips ya ku Netherlands inatulutsa kaseti m'chaka cha 1963, ndipo mu 1979 kampani ya Sony ya ku Japan inatulutsa Walkman, kawailesi ka kaseti kolowa m'thumba. Kaseti inabweretsa chinthu chatsopano: munthu wamba ankatha kujambula nyimbo za mnzake pa kaseti yopanda kanthu. Eni makampani a nyimbo ku Britain anadandaula kwambiri, ndipo mu 1981 anayambitsa kampeni yonena kuti kujambula makaseti kunyumba kukupha nyimbo. Nyimbo sizinafe. Chifukwa chake n'chakuti kaseti inali ndi malire ake. Kuti ujambule unkayenera kukhala ndi mnzako amene ali ndi kaseti yeniyeniyo, kujambulako kunkatenga nthawi, ndipo ukajambula kuchokera pa kaseti yojambulanso, mawu ankamveka mozilala.

Mu 1982 Sony ndi Philips anagwirizana n'kutulutsa CD. Anthu a m'mayiko olemera anayamba kugulanso pa CD nyimbo zimene anali nazo kale pa mbale ndi pa kaseti, motero makampani anapindula kawiri. Pofika 1999, malonda a nyimbo zojambulidwa ku America anakwana madola 14.6 biliyoni m'chaka chimodzi. Koma ogula ambiri ankadandaula kuti amakakamizika kugula chimbale chonse pofuna nyimbo imodzi kapena ziwiri. Dandaulo lawo la mitengo linali ndi maziko, pakuti mu 2000 bungwe la boma loona za malonda ku America, Federal Trade Commission, linaletsa makampani akuluakulu asanu mchitidwe umene unkalepheretsa masitolo kulengeza mitengo yotsika ya ma CD. Chimene eni makampaniwo sanachilingalire mokwanira n'chakuti pa CD nyimbo inali itasanduka manambala, ndipo manambala amakopereka popanda kutaya kanthu.

Kafayilo kochokera ku Erlangen

Vuto limene linatsala linali kukula kwa fayilo. Nyimbo imodzi ya mphindi zinayi yochokera pa CD inkadya malo okwana mamegabaiti pafupifupi 40, ndipo intaneti ya nthawi imeneyo, yodzera pa waya wa telefoni, inkatenga maola kuti inyamule katundu wotero. Mu mzinda wa Erlangen ku Germany, akatswiri a bungwe la Fraunhofer, mmodzi wa iwo Karlheinz Brandenburg, anathera zaka zambiri akufufuza mmene khutu la munthu limamvera. Iwo anagwiritsa ntchito mfundo yakuti phokoso lalikulu limaphimba kaphokoso kakang'ono kamene kali pafupi nalo, kotero kuti khutu silikamva n'komwe. Tsono ngati khutu silikamva, palibe chifukwa chokasungira. Pochotsa zonse zosamvekazo, fayilo inachepa mpaka kutsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, koma kwa womvera wamba nyimbo inkamveka chimodzimodzi. Poyesa lusoli, Brandenburg anamvetsera kambirimbiri nyimbo ya Suzanne Vega yotchedwa Tom's Diner, chifukwa mawu a munthu oyimba popanda zida anali ovuta kwambiri kuwafinya osawawononga.

Lusoli linasindikizidwa ngati muyeso wa dziko lonse mu 1993, ndipo dzina lakuti MP3 linasankhidwa mu July 1995. Mu 1997 kunabwera Winamp, pulogalamu yolizira mafayilowa pa kompyuta. Chaka chotsatira kampani ya Diamond inatulutsa Rio, kachipangizo ka m'thumba kosunga mamegabaiti 32 okha. Bungwe la makampani a nyimbo ku America, RIAA, linasumira Diamond kuti kachipangizoka kaletsedwe, koma mu 1999 khoti linakana. Zinthu zonse zinali zitakonzeka. Chimene chinkasowa chinali njira yosavuta yopezera mafayilowo.

Zaka ziwiri za Napster

Njirayo inachokera kwa mnyamata wa zaka 18, Shawn Fanning, wophunzira pa Northeastern University mu mzinda wa Boston. Mu June 1999, iye pamodzi ndi Sean Parker anakhazikitsa Napster. Kagwiridwe kake ka ntchito kanali kosavuta. Aliyense wolowa ankalola kuti nyimbo za mu kompyuta yake zioneke kwa ena. Makompyuta a Napster ankasunga mndandanda wa nyimbo ndi malo amene zili, pamene nyimbo zenizenizo zinkachoka mu kompyuta ya munthu mmodzi kupita mu ya mnzake. Munthu ankangolemba dzina la nyimbo, n'kuyitenga popanda kulipira ngakhale senti imodzi. Pasanathe zaka ziwiri anthu mamiliyoni makumi angapo anali atalowamo, ndipo masukulu ambiri a ukachenjede anatseka Napster chifukwa ophunzira ankadzaza intaneti yonse ya sukulu ndi nyimbo.

Tisafulumire kuweruza achinyamata a nthawi imeneyo ngati kuti onse anali mbava zouma mtima. Ambiri anapeza pa Napster nyimbo zakale zimene zinali zitasowa m'masitolo, ndi nyimbo za mayiko akutali zimene sakanazimva n'komwe. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri, zinaoneka kuti nyimbo zonse za dziko lapansi zingathe kukhala pamalo amodzi. Komabe choonadi n'chakuti pa nyimbo mamiliyoni zimene zinkasinthanidwazo, wopeka, woyimba, woyimba gitala ndi wojambula mu situdiyo sankalandira kalikonse.

RIAA inasumira Napster mu December 1999. Mu April 2000 gulu loyimba la Metallica linasumanso, litazindikira kuti nyimbo yawo ina, I Disappear, ikumveka pa mawailesi isanamalizidwe n'komwe, itadzera pa Napster. Woyimba ng'oma wa gululi, Lars Ulrich, anapita yekha ku ofesi ya Napster atanyamula mabokosi a mayina a anthu oposa 300,000 amene ankagawa nyimbo zawo. Achinyamata ambiri anamunyoza kuti ndi munthu wolemera wadyera. Koma funso limene iye ankafunsa linali lakuti ndani ali ndi ufulu wosankha nthawi ndi njira yotulutsira ntchito ya munthu, ndipo funsoli silinathe ndi kunyozako. Mu July 2000 woweruza Marilyn Hall Patel analamula kuti Napster ileke kuthandiza kugawa nyimbo za eni ake. Khoti la apilo linagwirizana ndi mfundo zazikulu za chigamulochi mu February 2001, ndipo mu July chaka chomwecho Napster inatseka. Mu 2002 kampaniyo inalengezedwa kuti yagwa.

Milandu ndi maloko

Madzi akatayika saoleka. Napster inagwa chifukwa inali ndi likulu limodzi losunga mndandanda, limene khoti linkatha kulitseka. Mapulogalamu amene anabwera pambuyo pake, monga Kazaa, LimeWire ndi Grokster, anapangidwa mwa njira yakuti pasakhale likulu lotero. Makampani a nyimbo anayesa kutsegula misika yawo ya pa intaneti, Pressplay ndi MusicNet, kumapeto kwa 2001. Koma makampaniwo anagawikana, ena uku ena uko, kotero kuti panalibe msika umodzi wokhala ndi nyimbo zonse, ndiponso malamulo a kagwiritsidwe ntchito anali ochuluka. Anthu sanayikonde.

Atalephera pamenepo, anatembenukira kwa omvera. Mu September 2003 RIAA inasumira anthu wamba 261, ndipo pakati pawo panali mtsikana wa zaka 12 wa ku New York amene banja lake linalipira madola 2,000 kuti mlandu uthe. Mu 2007 khoti la ku Minnesota linalamula mayi wina kulipira madola 222,000 chifukwa cha nyimbo 24. Pofika December 2008, pamene RIAA inalengeza kuti ikusiya njirayi, anthu pafupifupi 35,000 anali atatsekulidwira milandu kapena kuopsezedwa nayo. Khoti lalikulu la America linagamula motsutsa Grokster mu 2005, ndipo LimeWire inatsekedwa mu 2010, koma kukopera nyimbo sikunathe.

Njira ina imene anayesa inali yoyika maloko pa nyimbo, luso lotchedwa DRM. Mu 2005 katswiri wa makompyuta Mark Russinovich anatulukira kuti ma CD ena a kampani ya Sony BMG ankalowetsa mwachinsinsi pulogalamu yobisika mu kompyuta ya wogula, ndipo pulogalamuyo inkatsegula khomo kwa mavairasi. Kampaniyo inakakamizika kuchotsa ma CD amenewo pamsika ndi kulipira chipepeso. Apa panaoneka chodabwitsa: munthu woona mtima amene anagula CD ndi ndalama zake ndiye anavutika, pamene wotenga nyimbo yomweyo mwakuba anali nayo yopanda loko. Masitolo nawonso anayamba kutha. Tower Records, imene inali ndi masitolo akuluakulu a nyimbo m'mizinda yambiri ya America, inatseka masitolo ake a m'dzikolo mu 2006.

iPod ndi masenti 99

Amene anapeza njira yopezera ndalama m'chipwirikitimu sanali kampani ya nyimbo ayi, inali kampani ya makompyuta. Pa 23 October 2001 Steve Jobs wa kampani ya Apple anaonetsa iPod, kachipangizo kosunga magigabaiti 5, okwana nyimbo pafupifupi 1,000, pa mtengo wa madola 399. Kenaka anakambirana ndi makampani akuluakulu onse asanu mpaka anavomera kugulitsa nyimbo zawo pamalo amodzi. Pa 28 April 2003 msika wa iTunes unatsegulidwa uli ndi nyimbo 200,000, iliyonse pa mtengo wa masenti 99. M'sabata yoyamba yokha unagulitsa nyimbo miliyoni imodzi. Pofika February 2006 unali utagulitsa nyimbo biliyoni imodzi, ndipo mu 2008 unaposa Walmart n'kukhala wogulitsa nyimbo wamkulu koposa ku America.

Zimenezi zinasonyeza kuti anthu ambiri anali okonzeka kulipira ngati njira yolipirayo ndi yosavuta ndipo mtengo wake ndi woyenera. Komabe panali zotsatira ziwiri. Choyamba, chimbale chinaphwasuka. Wogula amene kale ankalipira chimbale chonse tsopano ankatola nyimbo imodzi n'kusiya zotsalazo, motero ndalama zolowa zinapitirira kutsika. Chachiwiri, mphamvu inachoka m'manja mwa makampani a nyimbo n'kupita kwa opanga zipangizo. Nyimbo za pa iTunes zinali ndi loko wotchedwa FairPlay, amene ankalola kuti zilire pa makompyuta owerengeka okha, ndipo pa zipangizo za m'thumba zinkalira pa za Apple zokha. Wogula nyimbo zambiri ankapezeka kuti wamangika ku kampani imodzi.

Kuopsa kwa malokowa kunaonekera poyera mu 2008. Kampani ya Microsoft, imene inali itatseka kale msika wake wa MSN Music, inalengeza kuti izimitsa makompyuta opereka makiyi a nyimbo zimene anthu anagula kumeneko. Tanthauzo lake linali lakuti munthu akadzagula kompyuta yatsopano, nyimbo zimene analipira sizidzaliranso. Anthu atakwiya, kampaniyo inawonjezera nthawi. Yahoo nayo inachita zofanana chaka chomwecho. Apa anthu anayamba kumvetsa kuti mawu akuti kugula anali atasintha tanthauzo: chimene ankalipira chinali chilolezo chomvera, ndipo chilolezocho chinkadalira moyo wa kampani. Jobs mwiniwake analemba kalata ya poyera mu February 2007 yopempha makampani a nyimbo kuti asiye maloko, ndipo mu 2009 nyimbo zonse za pa iTunes zinayamba kugulitsidwa zopanda loko. Koma pamene ogula ankapambana nkhondo imeneyi, kugula kumene kunali kutayamba kutha.

Kuchokera pa kugula kufika pa kubwereka

Dziko la Sweden linali ndi intaneti yothamanga msanga kuposa mayiko ambiri, ndipo kumeneko ndi kumene The Pirate Bay, malo otchuka ogawirana mafayilo mosaloledwa, inayambira mu 2003. Apolisi anakalanda makompyuta ake mu 2006, ndipo oyendetsa ake anapezeka olakwa mu 2009. M'dziko lomwelo, mu 2006, Daniel Ek ndi Martin Lorentzon anayambitsa Spotify. Maganizo awo anali akuti kuba sikungagonjetsedwe ndi apolisi okha, koma ndi chinthu chosavuta kuposa kubako. Spotify inatsegulidwa mu October 2008 m'mayiko angapo a ku Ulaya, ndipo inafika ku America mu July 2011.

Pa Spotify munthu sagula nyimbo iliyonse. Nyimbo zimakhala m'makompyuta a kampani, ndipo zimayenda pa intaneti kubwera pa foni panthawi imene akumvera, njira imene imatchedwa streaming. Wosafuna kulipira amamvera pamodzi ndi otsatsa malonda, wolipira mwezi ndi mwezi amamvera popanda zosokoneza. Njirayi siinali yoyamba, pakuti Rhapsody inayamba kulipiritsa pamwezi mu 2001, koma Spotify inafika pa nthawi imene mafoni amakono anali atayamba kufala. YouTube, imene inayamba mu 2005 n'kugulidwa ndi Google chaka chotsatira pa madola 1.65 biliyoni, inasandukanso malo aakulu omverako nyimbo. Apple inatsegula Apple Music mu June 2015, ndipo mu May 2022 inalengeza kuti yasiya kupanga iPod.

Kwa makampani a nyimbo, njirayi inakhala chipulumutso. Malonda ku America anali atatsika kufika pa madola pafupifupi 7 biliyoni mu 2014, theka chabe la ndalama za 1999. Kuyambira 2015 ndalama za nyimbo pa dziko lonse zinayambanso kukwera chaka ndi chaka, ndipo pofika 2023 magawo awiri mwa atatu a ndalamazo ankachokera ku streaming. Loto la Napster, lakuti nyimbo zonse zikhale pamalo amodzi, linakwaniritsidwa movomerezeka ndi lamulo.

Koma walira mvula walira matope. Womvera wa lero ali ndi mwayi wa nyimbo mamiliyoni, koma palibe imodzi imene ndi yake. Akasiya kulipira, nyimbo zimene anasunga mu pulogalamuyo zimatsekeka. Woyimba akasemphana ndi kampani, nyimbo zimasowa usiku umodzi, monga zinachitikira mu January 2022 pamene Neil Young anachotsa nyimbo zake pa Spotify, n'kudzazibwezera mu 2024. Misika nayo imafa: Grooveshark inatsekedwa mu 2015, Google Play Music mu 2020. Choopsa kwambiri chinalengezedwa mu 2019, pamene MySpace inavomereza kuti posamutsa makompyuta ake inataya nyimbo zimene anthu anayikapo pakati pa 2003 ndi 2015, zoyerekezedwa kukwana 50 miliyoni. Zambiri mwa izo zinali za oyimba ang'onoang'ono amene sanasunge kwina. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Nanga woyimba amalandira chiyani?

Apa m'pofunika kumvetsa mmene ndalama zimagawidwira, chifukwa ambiri timaganiza kuti tikalipira, ndalama yathu imapita kwa oyimba amene timawamvera. Sizili choncho. Spotify imasonkhanitsa ndalama za olipira ndi za otsatsa malonda m'dziko lililonse, n'kupereka pafupifupi magawo awiri mwa atatu kwa eni umwini wa nyimbo. Ndalamazo zimagawidwa molingana ndi kuchuluka kwa maulendo amene nyimbo yamvedwa poyerekeza ndi nyimbo zonse. Tiyerekeze munthu amene mwezi wonse wangomvera kwaya imodzi yaing'ono. Ndalama yake imalowa mu mphika umodzi ndi ya anthu ena onse, ndipo gawo lalikulu la mphikawo limapita kwa oyimba otchuka amene iye sanawamvere ngakhale kamodzi. Palibe mtengo wokhazikika wa kumvera kumodzi, koma powerengera, umakhala wochepera senti imodzi ya ku America. Ndipo kandalama kameneko kamayamba kufika kwa kampani yojambula kapena yofalitsa, imene imapatsa woyimba gawo lake molingana ndi mgwirizano umene anasaina.

Oyimba ena otchuka anatsutsa zimenezi poyera. Thom Yorke wa gulu la Radiohead anachotsa nyimbo zake zina pa Spotify mu 2013, ponena kuti oyimba atsopano sapindula. Taylor Swift anachotsa nyimbo zake zonse mu November 2014 ndipo anazibwezera mu June 2017. Mu June 2015 iye analembera Apple kalata ya poyera yodzudzula ganizo losalipira oyimba m'miyezi itatu yoyamba imene omvera ankayesa Apple Music mwaulere, ndipo Apple inasintha ganizolo tsiku lomwelo. Zimenezi zinatheka chifukwa Swift anali ndi mphamvu zimene oyimba ambiri alibe. Pa nthawi ya mliri wa Covid-19, pamene zoyimbayimba za pagulu zinaletsedwa, oyimba ambiri anazindikira kuti ndalama za streaming zokha sizingawadyetse. Komiti ya nyumba ya malamulo ya Britain inafufuza nkhaniyi, ndipo mu July 2021 inanena kuti dongosolo lonse likufunika kukonzedwanso. Chaka chomwecho SoundCloud inayamba kuyesa njira yakuti ndalama ya womvera izipita kwa oyimba amene iye wawamveradi. Koma mu 2024 Spotify inakhazikitsa lamulo lakuti nyimbo imene sinamvedwe maulendo 1,000 m'miyezi khumi ndi iwiri isalandire malipiro a kujambula. Kampaniyo inati ikufuna kuthana ndi achinyengo ndiponso ndalama zazing'ono zimene sizifika kwa eni ake, koma oyimba ang'onoang'ono anaona kuti kangachepe kawo kaperekedwa kwa amene ali nazo kale.

Tiyeneranso kunena zabwino zake. Kale woyimba sankamveka kutali popanda kampani yaikulu. Lero mnyamata wojambula nyimbo m'chipinda chake angathe kuyifalitsa pa dziko lonse, ndipo nyimbo za Afrobeats za ku Nigeria ndi Amapiano za ku South Africa zafika kutali mothandizidwa ndi njira zimenezi. Khomo latseguka kwa onse. Vuto n'lakuti olowa pakhomopo ndi ochuluka kwambiri, ndipo amene amasankha nyimbo yoti ioneke pamwamba kawirikawiri ndi makina a kampani.

Mbiriyi itafika kwathu

Kwathu kuno mbiriyi inadzera njira yakeyake. Misika ya pa intaneti yogula nyimbo imodziimodzi siinazike mizu, chifukwa inkafuna khadi la banki ndi intaneti yodalirika. Chimene chinafika ndi fayilo ya MP3. Kaseti itatha, m'matauni ndi m'misika munadzaza timashopu tokhala ndi kompyuta, ma burning centre, kumene munthu amapereka kandalama kochepa n'kudzaziridwa nyimbo mazana pa memory card kapena pa flash. Kenaka kunabwera Bluetooth ndi WhatsApp. Inali Napster yathu, yoyenda pamanja. Ku Malawi bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndilo lili ndi udindo woteteza umwini wa ntchito za aluso, ndipo lamulo latsopano la umwini linabwera mu 2016. Boomplay inayamba ku Nigeria mu 2015, Spotify inafika ku South Africa mu 2018, ndipo mu 2021 inalowa m'mayiko ena ambiri a mu Africa, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia. Komabe womvera wa kuno amalipira bandulo asanamve kalikonse, kotero kuti nthawi zambiri ndalama yake imathera kwa kampani ya mafoni, woyimba osaonapo kanthu. Amene anayimbapo mu kwaya yojambula chimbale akudziwa ndalama zimene zimalowa pa situdiyo, pa mayendedwe ndi pa kanema, ndiponso mmene zimapwetekera kumva nyimbo yanu ikulira paliponse pamene ngongole ya situdiyo sinathe.

Zimene mbiriyi ikutiphunzitsa

Tikayang'ana zaka zonsezi, tiona kuti pa sitepe iliyonse womvera anapeza ufulu wina n'kutaya wina. Napster inamupatsa nyimbo zonse popanda kulipira woyimba. iTunes inabwezeretsa malipiro, koma kwa zaka zisanu ndi chimodzi inamangirira wogula ndi loko. Spotify ndi anzake anachotsa vuto losunga mafayilo, n'kusandutsa womvera kukhala wobwereka ndi woyimba kukhala wodikira kagawo ka senti. Pa nthawi zonsezi, amene anapindula kwambiri ndi amene anagwira njira yodutsamo nyimbo, kaya ndi mwini fakitale ya ma CD, wopanga iPod kapena mwini pulogalamu.

N'chifukwa chake anthu ena abwereranso ku zinthu zogwirika. Mu 2022, kwa nthawi yoyamba kuchokera mu 1987, mbale za galamafoni zinagulidwa zambiri kuposa ma CD ku America. Enanso amagula mwachindunji kwa oyimba kudzera pa misika ngati Bandcamp, imene inayamba mu 2008, ndipo mu March 2020 inayamba kupatula masiku ena achisanu osatengapo gawo lake kuti ndalama zipite kwa oyimba ndi makampani awo ang'onoang'ono.

Sitikunena kuti tibwerere ku kaseti, kapena kuti kumvera nyimbo pa intaneti n'kulakwa. Tikungopempha kuti tizidziwa chimene tikuchita. Nyimbo imene timayikonda kwambiri, kapena imene tinajambula tokha ndi anzathu, tiziyisunga pamalo awiri kapena atatu amene ali m'manja mwathu, chifukwa kampani ingathe kutseka mawa. Woyimba amene nyimbo zake zatitonthoza kapena kutisangalatsa, makamaka wamng'ono amene dzina lake silinamveke kutali, tizifuna njira yoti ndalama yathu imufike: kugula chimbale kwa iye mwini, kulipira pakhomo pa tsiku lokhazikitsa chimbale, kumvera pa njira yovomerezeka m'malo mopempha fayilo pa WhatsApp. Makhoti, makampani ndi nyumba za malamulo akhala akulimbana ndi funso la malipiro a woyimba kuyambira 1999 ndipo sanalimalize. Gawo la yankho lake lili ndi ife omvera, nthawi iliyonse mnzathu akatiuza kuti timutumizire nyimbo ija.